Agogo akaleka kutizindikira

Dzuwa likapendeka, m'makomo ena mumayamba ntchito imene anthu odutsa m'njira saidziwa. Agogo amene akhala duu pamphasa tsiku lonse amadzambatuka, n'kumanga kamtolo ka zitenje ziwiri ndi kapu, n'kuyamba ulendo. Mukawafunsa kumene akulowera, yankho limakhala lomwelo tsiku ndi tsiku: "Ndiperekezeni kwathu, amayi akundidikira." Chonsecho nyumba akuithawayo ndi imene anamanga okha ndi amuna awo, ndipo amayi akuwatchulawo anagona kumanda adzukulu asanabadwe.

Ambirife timathamangira kuwongola. "Agogo, kwanu ndi konkuno! Amayi anu anamwalira kalekale, takhalani pansi." Mawuwa ndi oona, koma kwa munthu amene mutu wake sukusunganso za dzulo, umenewu ndi uthenga wa maliro umene akuumva koyamba. Amalira, amakalipa, mwina n'kutukula ndodo. Mawa madzulo maliro omwewo adzawamvanso ngati achilendo.

Mdzukulu wina sachita choncho. Iye akudziwa kuti agogowa ali mtsikana, nthawi ngati imeneyi ankabwera kuchitsime kudzathandiza amayi awo pamoto. Amalandira kamtoloko n'kunena kuti, "Tiyeni tiyendeko limodzi. Kodi amayi ankakonda kuphika ndiwo zanji?" Amafika pamtengo wa mango, nkhani ya chigwada chotendera ili mkamwa, n'kubwerera. Pakhonde amawapatsa lichero la nyemba kuti asankhe. Sanawanamize kuti amayi akubwera mawa, komanso sanakangane nawo. Wayankha chimene chinali mumtima mwawo, chomwe ndi mantha a mdima ndi njala ya kukhala ndi chochita nthawi ya ntchito ikakwana.

Njira yachiwiriyi ndiyo akatswiri amaitchula kuti chisamaliro chotsata munthu payekha. Kuno kwathu, kumene nyumba zosungirako okalamba n'zowerengeka ndipo pafupifupi wodwala aliyense amadwazikidwa ndi abale pakhomo, nkhaniyi ndi ya banja lililonse limene lili ndi nkhalamba.

Si ukalamba wamba

Matenda oiwalaiwala, amene achipatala amati dementia, si ukalamba wamba. Zilipo nkhalamba za zaka 90 zimene zimakumbukira malire a munda wa aliyense m'mudzi. Dementia ndi kuwonongeka kwa ubongo, ndipo imabwera m'njira zingapo. Yofala kwambiri ndi Alzheimer, imene imagwira odwala 60 mpaka 70 mwa 100 alionse a matendawa. Dzinali linachokera kwa dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene mu 1906 anafotokoza za mayi wina, Auguste Deter, yemwe anagonekedwa m'chipatala ku Frankfurt ali ndi zaka 51 zokha. Mtundu wina umayamba chifukwa cha kuwonongeka kwa mitsempha ya magazi ya mu ubongo, ndipo umayendera limodzi ndi sitiroko, BP ndi shuga, matenda amene akuchulukirachulukira m'Malawi. Mowa wa zaka zambiri ndi kachilombo ka HIV kosalandirira mankhwala nazonso zimawononga ubongo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia, ndipo chaka chilichonse pamawonjezeka ena pafupifupi 10 miliyoni. Oposa 60 mwa 100 alionse akukhala m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Lipoti la bungwe la Alzheimer's Disease International la mu 2017 linati kummwera kwa chipululu cha Sahara kunali odwala 2.13 miliyoni mu 2015, ndipo pofika 2050 adzakhala 7.62 miliyoni.

Matendawa amasasula chikumbumtima ngati mmene mphepo imasasulira denga la udzu: wofoleredwa posachedwa ndi umene umayamba kuuluka, wakale wapansi n'kutsala. N'chifukwa chake agogo amaiwala kuti adya kumene, koma amatchula mayina a ng'ombe za abambo awo. Matendawa akafika pakolekole, munthu amatsala ndi mawu ochepa kapena amangoti chete, sazindikira ana ake, sangathe kuvala, kusamba kapena kudya yekha, amadziyipitsira, ndipo pamapeto pake amangokhala chigonere.

Mu 2009 dokotala Susan Mitchell ndi anzake anasindikiza kafukufuku wa odwala 323 otere a m'nyumba zosungira okalamba za ku Boston ku America, amene anawatsatira kwa miyezi 18. Oposa theka anamwalira m'nyengo imeneyi. Pafupifupi 86 mwa 100 alionse anavutika kudya, ndipo 41 mwa 100 alionse anadwala chibayo. Anapezanso kuti kumene abale ankamvetsa kuti matendawa ndi osachiritsika, wodwala sankazunzika ndi kuthamangitsidwa kuchipatala ndi kubayidwabayidwa m'miyezi yake yomaliza. Mankhwala monga donepezil ndi memantine amangochepetsako zizindikiro kwa kanthawi. Obwezera nzeru m'malo mwake palibe. Chotsala m'manja mwa banja ndi mmene tsiku lililonse la munthuyu lidzayendere.

Zimene timachita osadziwa

Amene anatsegula maso a anthu pankhaniyi ndi Tom Kitwood wa pa yunivesite ya Bradford ku England. Mu 1997, kutatsala chaka chimodzi kuti amwalire, anatulutsa buku lotchedwa Dementia Reconsidered. Mfundo yake inali yakuti kufooka kumene timakuona mwa wodwala sikuchokera mu ubongo mokha. Kwina kumabwera chifukwa cha mmene anthu omuzungulira akumuchitira. Anawerenga makhalidwe 17 amene amamuvula munthu umunthu, ndipo ananenetsa kuti ochita zimenezi kawirikawiri si anthu ankhanza. Ndi anthu otopa, ofulumira, ongotsatira zimene anaona ena akuchita.

Sitifunika kupita ku Bradford kuti tiwaone makhalidwewa. Alendo akabwera, timafotokoza za agogo iwo ali pomwepo: "Awa ndiye atha, sakumvanso kanthu." Timawayankhula ngati khanda, poti amati nkhalamba imabwerera ku umwana, kuiwala kuti khanda silinaikepo mwamuna m'manda kapena kulera ana asanu ndi awiri. Timawanyamula kuchoka pamphasa osawauza kumene tikupita nawo. Ana amaseka akavala malaya motembenuza, akulu n'kumaseka nawo. Poti amatayikira podya, timawapakulira paokha kuseri kwa nyumba.

Palinso mayeso amene pafupifupi mlendo aliyense amawapatsa: "Mwandizindikira? Ndine ndani ine? Tatchulani dzina langa." Wofunsayo akufuna kudzitonthoza yekha kuti sanaiwalidwe, koma wofunsidwayo amagwidwa ndi manyazi amene sangathe kuwafotokoza. Chabwino n'kudzitchula wekha popereka moni: "Amayi, ndine mwana wanu wachisamba, ndabwera kudzakuonani." Akakutchula dzina la mchemwali wawo amene anamwalira, palibe chifukwa chowadzudzula. Akuika m'gulu la anthu amene anawakonda.

Kitwood anati munthu wa dementia amasowa zinthu zisanu: chitonthozo, munthu womudalira, kuwerengedwa pagulu, kukhala ndi chochita, ndi kudziwika kuti iye ndi ndani. Pakati pa zonsezi anaikapo chikondi. Chachisanuchi n'chimene chimavuta matenda akakula, chifukwa mwiniwake sangathenso kunena mbiri yake. Amamusungira ndi anthu ena.

Kope limodzi la sukulu

Ku Britain bungwe la Alzheimer's Society linakonza kapepala kotchedwa This is me mu 2010. Abale amalembapo zimene namwino kapena wantchito wachilendo ayenera kudziwa za wodwala: dzina limene amakonda kuitanidwa nalo, zimene zimamuopsa, zimene zimamukhazika mtima pansi, mmene amadyera ndi mmene amagonera. Amalawi ambiri amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain amawerenga zolemba zotere tsiku lililonse asanamugwire munthu. Kuno kope limodzi la sukulu ndi lokwanira, ndipo lingasungidwe pamodzi ndi buku la kuchipatala.

Choyamba kulemba ndi dzina. Mayi amene satembenuka mukati "agogo" akhoza kutukula mutu mukati "Nachisale", chifukwa ndi mmene ankawaitanira amuna awo. Bambo amene anaphunzitsa sukulu moyo wawo wonse amayankha msanga mukati "Aphunzitsi". Chiyankhulo nachonso chilembedwe. Munthu amene wakhala zaka zambiri ku Ndirande akuyankhula Chichewa akhoza kubwerera ku Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka chimene anayamwira, ndipo mdzukulu wobadwira m'tauni angaganize kuti akubwebweta pamene akupempha madzi akumwa.

Zina ndi zazing'ono, koma ndi zimene zimayendetsa tsiku. Kodi amasamba mmawa kapena madzulo? Tiyi amamwa wa shuga wochuluka bwanji? Amagona ndi nyali kapena mumdima? Amafwenkha fodya wa mphuno? Mkatolika amene wagwira korona moyo wake wonse, zala zake zimaifunafuna ngakhale mapemphero atathawa pakamwa. Msilamu amene anazolowera kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi asanaswali akhoza kukhazikika mukamuthandiza kuchita zomwezo nthawi ya swala ikakwana. Ulemu wa pachibale nawo sufa ndi matenda. Bambo amene amamenya aliyense wofuna kuwasambitsa mwina akukana kuvulidwa ndi mpongozi wawo kapena mwana wawo wamkazi. Mukabweretsa mphwawo kapena mdzukulu wamwamuna, n'kuwafunditsa chitenje posamba, ndewu imatha.

Zowawa zakale zilembedwenso. M'maboma a m'malire monga Nsanje, Dedza ndi Ntcheu muli okalamba amene anaona nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980. Kwa munthu wotere, chitseko chomenyetsedwa kapena makombola a pa Khirisimasi si phokoso chabe. Wodziwa mbiriyi amatseka chitseko pang'onopang'ono.

Ukali uli ndi chimene ukunena

Munthu akataya mawu, thupi ndi limene limamuyankhulira. Kukuwa usiku, kuluma, kukana chakudya, kuvula zovala, kuyendayenda osakhazikika, zonsezi timathamangira kuzitcha misala. Wodwazika wanzeru amayamba wafunsa kuti vuto n'chiyani. Kodi ali ndi ludzu? Akufuna kuchimbudzi? Apita liti kuchimbudzi komaliza? Akumva kuzizira? Wailesi yakwera kwambiri? Nanga pali pamene pakuwawa?

Ululu ndi umene umabisala kwambiri. Nkhalamba zambiri zili ndi nyamakazi, msana, mano obooka ndi zilonda, koma wa dementia sangaloze pamene pakupweteka. Mu 2003 akatswiri a ku America anakonza njira yoyezera ululu mwa odwala otere yotchedwa PAINAD. Imayang'ana zinthu zisanu zimene aliyense pakhomo angazione: mmene akupumira, kubuula kapena kulira, tsinya ndi makwinya a kumaso, kuumitsa thupi kapena kufumbata zibakera, ndiponso ngati akutonthozeka mukamuyankhula kapena kumugwira. Mu 2011 Bettina Husebo wa ku Bergen ku Norway anasindikiza kafukufuku wa okalamba 352 a dementia amene ankavutitsa. Theka lina analipatsa mankhwala opha ululu tsiku ndi tsiku kwa milungu isanu ndi itatu, ambiri a iwo panado chabe. Ukali ndi kusakhazikika zinatsika, ndipo mankhwalawo atasiyidwa zinayambiranso. Mlingo wake apereke ndi achipatala, koma phunziro lake n'loonekeratu: agogo "ovuta" nthawi zambiri ndi agogo amene akumva kuwawa.

Njira yachidule imene mabanja otopa amapempha ndi mankhwala ogonetsa. Apa pafunika kusamala kwambiri. Mu 2009 Sube Banerjee analembera boma la Britain lipoti losonyeza kuti anthu a dementia pafupifupi 180,000 ankapatsidwa mankhwala a misala, ochepa okha ndi amene ankathandizika, ndipo mankhwalawo ankawonjezera imfa pafupifupi 1,800 pachaka. Mankhwala monga haloperidol ndi chlorpromazine ali ndi malo ake pamene munthu akhoza kudzivulaza kapena kuvulaza ena, koma awalembe ndi dokotala, pamlingo wochepa, kwa nthawi yochepa. Mapiritsi ogula pagolosale kapena opatsidwa ndi mnansi kuti agogo agone amawagwetsa, amawatsamwitsa ndiponso amawonjezera chisokonezo. Kumanga munthu ndi chingwe kapena kumutsekera m'chipinda tsiku lonse nako kumangokulitsa mantha, minofu n'kufota, zilonda n'kuyamba.

Chenjezo lina: ngati munthu wasintha mwadzidzidzi, dzulo anali bwinobwino lero akungogona kapena wasokonekera kuposa kale, musati ndi matenda ake aja akula. Dementia imayenda pang'onopang'ono. Kusintha kwa tsiku limodzi kawirikawiri ndi malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kudzimbidwa kapena kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo zimenezi zimachizika.

Beseni la madzi ofunda

Kwa munthu amene wasiya kuyankhula ndi kuyenda, n'chiyani chingachitike kupatula kumusambitsa ndi kumudyetsa? Funso limeneli ndi limene linamuvutitsa Joyce Simard wa ku America, amene anaona odwala otere atangoikidwa pamipando, oyera bwino, okhuta, koma opanda wowayandikira tsiku lonse. Mu 2003 anayambitsa ndondomeko yotchedwa Namaste Care panyumba yosungira asilikali opuma ku Bennington m'chigawo cha Vermont. Maziko ake ndi awiri: malo abata, ndi kumugwira munthu mwachikondi mosathamanga. Ndondomekoyi inafalikira m'mayiko ena, ndipo ku London chipatala cha St Joseph's Hospice ku Hackney chinayamba kuphunzitsa anthu odzipereka kuti azikachita zimenezi m'makomo mwa odwala, abale akuonerera ndi kuphunzira.

Zofunika zake pafupifupi zonse zilipo pakhomo la kumudzi. Mmawa kadzuwa kakafunda, agogo atsamiritsidwe bwino pakhonde. Wailesi izimitsidwe, ana akasewerere patali. Mdzukulu afike chakutsogolo, osati kumbuyo, agwade kuti maso awo alingane, apereke moni n'kudikira. Anene chimene akufuna kuchita: "Agogo, ndabweretsa madzi ofunda, ndikusambitseni m'manja." Aviike dzanja limodzi m'beseni, asisite chala chimodzichimodzi, apukute, adzoze mafuta kuyambira kuzala kukafika kuchigongono. Kenako dzanja linalo, kenako mapazi. Apese tsitsi, awamange duku mmene ankamangira okha. Pakatipakati aziwamwetsa tiyi kapena thobwa pang'onopang'ono, chifukwa odwala otere sapempha madzi.

Cholinga apa si ukhondo. Ndi chakuti munthu amve kuti pali wina amene ali naye. Mphuno, makutu ndi khungu zimagwirabe ntchito mawu atatha. Fungo la mtedza wokazinga, tsamba la mandimu lofikisa m'manja, chisononkho cha chimanga choti azitembenuza, mwana wakhanda womuika pamwendo wina atamuchirikiza, zonsezi zimafika kumene mafunso safika. Nyimbo ndiye zimaposa zonse, chifukwa mbali za ubongo zosunga nyimbo zozolowereka zimachedwa kuwonongeka. Mayi wa Mvano kapena Chigwirizano amene watha miyezi osatulutsa liwu akhoza kuyendetsa milomo anzake akayamba nyimbo ya m'buku la Nyimbo za Mulungu. Koma ikhale nyimbo yake, osati ya wodwazika. Kwa wina ndi nyimbo ya pamtondo, kwa wina ya beni kapena malipenga.

Yankho limaoneka pathupi. Mapewa amatsika, chibakera chimamasuka, mpweya umayenda mofatsa. Akabweza dzanja kapena kutembenuzira nkhope kumbali, akana, ndipo kukanako kulemekezedwe. Mudzayesanso nthawi ina.

Supuni ndi mphasa

Nthawi ya chakudya ndi imene imaliza mabanja ambiri. Munthu amaiwala kutafuna, amasunga chakudya m'masaya, amatsamwa. Malamulo ake ndi ochepa. Akhale tsonga, osadyetsedwa chogona. Phala likhale lolimbirako, chifukwa zamadzimadzi ndi zimene zimalowa msanga kummero kolakwika. Supuni ikhale yaing'ono, ndipo yachiwiri idikire mpaka mutaona kuti yoyamba yamezedwa. Ngati manja akugwirabe, apatseni mbamu ya nsima yoviika m'msuzi, nthochi kapena mbatata yofewa kuti adzidyetse okha, ngakhale atayikire. Nthawi zina kungoika dzanja lanu pansi pa lawo n'kulitsogolera kukamwa kumadzutsa chizolowezi chakale. Akatha kudya akhalebe tsonga kwa theka la ola, ndipo mkamwa mutsukidwe ndi kansalu koyera. Koposa zonse, adyere pamene ena akudyera.

Kudya kukayamba kuchepa, abale ena amapempha kuti aikidwe chubu. Bungwe la madokotala a okalamba ku America la American Geriatrics Society linanena mu 2014 kuti kwa odwala dementia yofika pamapeto, chubu sichitalikitsa moyo kapena kuteteza chibayo kuposa kudyetsa ndi dzanja mosamala, ndipo chimachititsa kuti odwala azimangidwa manja kuti asachizule. Munthu akakana chakudya masiku ake omaliza, si kuti abale amumana. Thupi ndi limene likusiya kulandira. Kunyowetsa milomo ndi kumupatsa kakudya kamene amakakonda, pamlingo umene akufuna, n'kokwanira.

Wogona chigonere atembenuzidwe pafupifupi maola awiri alionse. Posambitsa yang'anani m'chiuno, kumatako, kuzidendene ndi m'mapewa. Khungu likasintha mtundu kapena kutentha pamalo amodzi, chilonda chili m'njira. Mphasa yokha pansi pouma siyokwanira, pafunika matiresi kapena zofunda zopindapinda, ndipo zonyowa zichotsedwe msanga.

Mudzi udziwe

Kuno wodwala dementia ali ndi mdani wina amene mabuku a ku Ulaya samutchula kawirikawiri. Nkhalamba ikapezeka mbandakucha pakhomo la eni, ili maliseche, ikulephera kunena kumene yachokera, anthu safunsa za ubongo. Amati mfiti yagwa paulendo. Akaipanikiza ndi mafunso imavomera chilichonse, ngakhale kuti inadya ana, chifukwa siikumva chimene akuifunsa. Mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno atawaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Ngati nkhalamba zikuphedwa chonchi pongoziganizira, nanga amene sangathe n'komwe kutchula dzina lake adzadziteteza bwanji?

Lamulo la ufiti la mu 1911 limaletsa kumutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba, limene mabungwe monga MANEPO analimenyera nkhondo kwa zaka. Koma lamulo limafika mochedwa pamene gulu lanyamula kale miyala. Chitetezo chofulumira ndi kusabisa. Banja lipite kwa amfumu, kwa atsogoleri a mpingo kapena mzikiti, kwa apolisi a m'mudzi ndi kwa anansi, linene poyera kuti mayi athu akudwala matenda a ubongo, achipatala anawaona, mukawapeza panjira muwabweretse. Kapepala kolembapo dzina la mudzi ndi nambala ya foni kasokereredwe m'chovala. Mudzi umene ukudziwa umasanduka mpanda, ndipo agogo akhoza kumayendako pang'ono m'malo motsekeredwa.

Njovu imatopa

Paja amati njovu siitopa ndi minyanga yake, ndipo mawu amenewa amauzidwa kwa mwana wamkazi amene wasiya geni, wasiya kupita kumaliro ndi kutchalitchi, sagona usiku, akuchapa zofunda zonyowa tsiku lililonse. WHO imati maola 70 mwa 100 alionse osamalira odwala dementia amagwiridwa ndi amayi. Kuno nthawi zina ndi mdzukulu wamkazi amene wasiyitsidwa sukulu. Munthu ameneyu amatopa, ndipo wotopa ndi amene amakalipa, kukankha ndi kutsekera chitseko. Chisamaliro chotsata munthu sichingatheke ngati wochipereka naye sakuonedwa ngati munthu.

Mwini mbumba aitanitse abale n'kugawa ntchito momveka: wogona nawo usiku uti, wotunga madzi ndani, wolowa m'malo Lamlungu ndani. Amene ali ku Johannesburg, ku Lilongwe kapena ku Leeds, foni yofunsa kuti "amayi adzuka bwanji" siichapa bulangete. Atumize ya sopo, ya matewera a akulu, ya matiresi, ya wantchito wothandiza, ndipo akabwera patchuthi atenge udindo kuti mlongo wawo akapume. Asafike ndi kudzudzula kuti amayi awonda.

Malawi sakuyambira pachabe. M'zaka zimene Edzi inkapulula anthu, mipingo ndi magulu a m'midzi anaphunzira kudwazika anthu pakhomo, ndipo ambiri mwa odziperekawo akadalipo. Alangizi a zaumoyo amafika m'midzi. Chisamaliro chochepetsa ululu kwa odwala matenda osachiritsika chinakhazikika kudzera m'malo monga Tiyanjane pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Ndi Moyo ku Salima, ndi bungwe la PACAM, ndipo dementia ndi amodzi mwa matenda ofunika chisamaliro chotere. Ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe, komanso m'zipatala za maboma muli ogwira ntchito odziwa za matenda a ubongo amene angamuyeze munthu n'kulangiza banja. WHO inakonzanso maphunziro a osamalira otchedwa iSupport. Chofunika n'chakuti magulu onsewa ayambe kuwerengera nkhalamba yoiwalaiwala ngati wodwala wawo, osati kumubweza ndi mawu akuti ndi ukalamba.

Pali zinthu zimene banja liyenera kukambirana nthawi isanathe. Chibayo chikabwera kachitatu, kodi tidzawakwezanso pa kabaza kapena pa ngolo ulendo wautali, kapena tidzapempha thandizo lochepetsa ululu ali pakhomo? Akufuna kudzaikidwa kuti? Munda ndi nyumba adzayang'anira ndani, kuti pasapezeke wowadinditsa chala papepala limene sakulimva? Nkhani zotere timaziopa poganiza kuti n'kulodza munthu, koma zikapanda kukambidwa zimadzagamulidwa usiku, mwamantha, ndi amene ali ndi mawu okwera.

Mafunso onsewa, kuyambira la shuga wa mu tiyi mpaka la manda, ali ndi munthu mmodzi amene angawayankhe bwino kuposa wina aliyense, ndiye mwiniwake. Ngati makolo anu ayamba kubwereza funso limodzi kangapo pa ola, kusochera panjira ya kumunda kapena kuiwala mphika pamoto, apititseni akayezedwe, ndipo mugule kope. Afunseni za kwawo, za ntchito imene ankanyadira, za nyimbo zawo, za zimene sangalole kuti awachitire. Zimene adzakuuzani chaka chino ndi zimene mudzagwiritse ntchito powasamalira m'zaka zimene sadzathanso kukuuzani.